Mayi wa ana anayi pa kandalama ka Aroma, ndi ndani ameneyu?

Naphiri_Leeds: Anthu a pagulu pano tandithandizeni. Loweruka ndinapita ku msika wa zinthu zakale kuno nde ndagula kandalama aka, wogulitsayo anangoti ndi ka Aroma basi, nayenso amaoneka kuti sakudziwa zambiri. Ndi kolemera ndithu, ndayeza pa sikelo ya kukhitchini kakufika magalamu 24, pomwe ya 2 paundi ya kuno ndi 12 okha. Mbali imodzi kuli mutu wa mzimayi watsitsi lomangira kumbuyo, malemba akuoneka ndi FAVSTINA AVGVSTA, mbali inayo kuli mayi woyimirira wanyamula makanda awiri m'manja, ana ena awiri ayima uku ndi uku akukweza manja ngati akufuna anyamulidwe nawonso, palinso S ndi C. Mapikicha ndi amenewo.

Mjoni: Asisi mwabedwa kkkk, zimenezo akupanga dzulodzuloli kenako n'kukwirira pansi kuti zichite dzimbiri

Aphunzitsi Opuma: Mayi Naphiri, pikicha yachiwiriyo ndayikulitsa pa foni, ndipo ngati maso sakundinamiza malemba ozungulira mayiyo ndi FECVND AVGVSTAE. Mwatola chinthu chabwino. Mutuwo ndi wa Faustina wamng'ono, mkazi wa Kaisara Marcus Aurelius amene analamulira kuyambira chaka cha AD 161 mpaka 180. Timati wamng'ono chifukwa mayi ake analinso Faustina, mkazi wa Kaisara Antoninus Pius. Ndalamayo dzina lake ndi sestertius. Mayi wa kuseriyo ndi Fecunditas, kutanthauza kubereka. Aroma anali ndi chizolowezi chotenga dalitso kapena khalidwe n'kulijambula ngati mzimayi, mtendere mzimayi, chiyembekezo mzimayi, kubereka nakonso mzimayi. Koma aliyense wogwira ndalamayo ankadziwa kuti akunena za Faustina yemweyo ndi ana ake. S C ndi Senatus Consulto, kusonyeza kuti Senate, bwalo la akuluakulu a boma la Roma, yavomereza, ndipo zilembo zimenezi zinkakhala pa ndalama za mkuwa, pa siliva ndi golide za mafumuwa sizipezeka kawirikawiri.

Wa Chanco: A Mjoni zabodza zilipo zoona, ndipo sizinayambe lero, m'zaka za m'ma 1500 ku Padua kunali mmisiri Giovanni da Cavino amene ankasula ma sestertius otsanzira okongola mpaka lero anthu amawasunga mwa okha. Koma zenizeni zinkamenyedwa ndi hamala pakati pa zidindo ziwiri, pomwe zabodza zambiri za masiku ano amachita kusungunula n'kuthira mu chikombole nde m'mphepete mumakhala kamzere ngati msoko ndi timaenje tating'ono pankhope. Asisi taonani m'mphepetemo. Komanso ma Faustina otha chonchi alipo ambirimbiri, ku Britain komweko anthu a timakina tofufuzira zitsulo amawatola m'minda, wakuba wanzeru sangataye nthawi kupanga chinthu chotchipa chonchi

Naphiri_Leeds: Msoko palibe achimwene, m'mphepete ndi mokhotakhota chabe ndipo pena pang'ambika pang'ono. Nde inali ndalama yaikulu eti? Kulemera konseku

Wa Chanco: Kulemera kokha asisi, mphamvu yake inali yapakatikati. Dongosolo lake kuyambira nthawi ya Augustus linali lotere, aureus ya golide imodzi ndi ma denarius 25 a siliva, denarius imodzi ndi ma sestertius 4, sestertius imodzi ndi ma dupondius 2 kapena ma as 4. Sestertius ndi dupondius zinali za mkuwa wosakaniza ndi zinki nde zikakhala zatsopano zinkawala mwachikasu ngati golide, as inali ya kopa yofiirira. Msilikali wamba nthawi ya Marcus ankalandira ma denarius 300 pachaka, kutanthauza ma sestertius 1,200. Ku Pompeii pa khoma la malo ena omwera mowa panalembedwa kuti vinyo wamba ndi as imodzi, wabwinoko ma as 2, wa Falernian ma as 4. Nde kandalama kanuko kakanakugulirani kapu imodzi ya vinyo wa mabwana

Achisale: Kodi as imeneyi si ija ya pa Mateyu 10:29, pomwe Ambuye akunena za mpheta ziwiri zogulidwa ndi kakobiri kamodzi? Ndinamvapo pa maphunziro a akulu ampingo kuti m'Chigiriki muli assarion. Ndipo ya mayi wamasiye ija pa Marko 12 akuti tindalama take tiwiri tinkakwana quadrans, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a as.

Aphunzitsi Opuma: Ndi yomweyo a Chisale. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna anthu aganizire. Golide munthu wamba ankatha kufa osamugwirapo. Mkuwa ndi umene unkayenda pamsika, kogula buledi, kolipira kosambira, m'manja mwa akapolo ndi amayi ogulitsa ndiwo. Kunalibe wailesi, kunalibe nyuzipepala yofika kumidzi. Boma likafuna kuti munthu wa ku Britain kapena ku Spain adziwe kuti kunyumba yachifumu kwabadwa mwana, njira imodzi inali imeneyi. Ndipo sestertius poti ndi yotakata, wosema chidindo ankakhala ndi malo ojambulapo ana onsewo bwinobwino. Faustina ali nazo zambiri zamtunduwu. Ilipo ya TEMPOR FELIC, mayi ali ndi ana 6, awiri m'manja anayi pansi. Ilipo ya IVNONI LVCINAE, ameneyo ndi Juno amene amayi a ku Roma ankamuitana pa nthawi yochira. Ndiye ilipo imene ine ndimaikonda, SAECVLI FELICIT, palibe mayi pamenepo, pali mpando waukulu wonga bedi ndipo pakhala timakanda tiwiri. Amenewo ndi mapasa amene anabadwa pa 31 Ogasiti 161 ku Lanuvium, patangopita miyezi yochepa Marcus atalowa ufumu. Mmodzi anali Antoninus, winayo Commodus.

Mzamba wa ku Dedza: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule. Bambo aphunzitsi, mayi ameneyu anabereka ana angati onse pamodzi? Chifukwa ine ndikaona chithunzi cha mayi ana awiri m'manja ena akukoka nsalu sindiona chimwemwe ayi, ndimaona thupi lotopa

Aphunzitsi Opuma: Amayi, anakwatiwa mu 145, mwana woyamba anabadwa kumapeto kwa 147 ndipo pomwepo anapatsidwa udindo wa Augusta, dzina laulemu la mayi wachifumu. Womaliza anabadwa cha m'ma 170. Pakatipa akatswiri amawerenga ana 13 kapena 14, mapasa kawiri. Koma pamene Marcus ankamwalira mu 180 otsala anali asanu okha, Commodus ndi alongo ake anayi. Mnzake wa Commodus uja, wa pa mpando uja, anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 4. Mng'ono wawo Annius Verus, amene anali atapatsidwa kale udindo wa Caesar, wodzalowa ufumu, pamodzi ndi Commodus mu 166, anamwalira mu 169 atamuchita opaleshoni ya chotupa cha kunsi kwa khutu. Faustina mwini anamwalira mu 175 pa mudzi wa Halala ku Cappadocia, komwe ndi Turkey masiku ano, ali paulendo ndi mwamuna wake.

Mzamba wa ku Dedza: Eish. Maliro asanu ndi atatu kapena kuposa a ana obereka yekha, pa nyumba yomwe inali ndi asing'anga abwino kuposa wina aliyense padziko. Nde tangoganizani ndalama zimenezi sizinkabwezedwa mwana akamwalira, zinkangoyendabe, mayi ameneyu ankadziwa kuti kunja konseko anthu akugulira anyezi ndi chithunzi cha mapasa ake pomwe mmodzi anamuika kale m'manda. Ine zandikhudza

Wa Chanco: Ndipo amayi si koyamba zimenezo. Mu nthawi ya Tiberius, cha mu 22 kapena 23, kunatuluka sestertius ya mwana wake Drusus, pali nyanga ziwiri zopingasana, nyanga zija Aroma ankajambula zitadzaza zipatso ndi tirigu kusonyeza zokolola zochuluka, koma apa pamwamba pa nyanga iliyonse patuluka kamutu ka mwana. Anali mapasa a Drusus obadwa mu 19. Ndiye kuti ana akuwaonetsa ngati zokolola za dziko. Chaka cha 23 chomwecho Drusus anamwalira, mmodzi wa mapasawo anamwaliranso, wotsalayo Tiberius Gemellus anadzaphedwa molamulidwa ndi Caligula. Nayenso Nero mu 63 mkazi wake Poppaea atabereka mwana wamkazi, Senate inagamula kuti kumangidwe kachisi wa Fecunditas, Tacitus ndi amene analemba zimenezi, koma mwanayo sanakwanitse n'komwe miyezi inayi

Mjoni: Nde mwaona, ndimanena ine kuti pali bodza penapake kkkk. Ndalamayo ndi yeniyeni chabwino ndavomera koma uthenga wake ndi kampeni basi. Boma likamafuula kwambiri kuti zonse zili bwino dziwani kuti kuseri kwavuta

Achisale: Kampeni ya chani a Mjoni, kunali mavoti? Anawo anabadwadi. Munthu akasangalala kuti Mulungu wamupatsa mapasa ndi bodza limenelo?

Mjoni: Madala kampeni si ya mavoti okha, asilikali aja akaona kuti mfumu ilibe wolowa m'malo aliyense wa mendulo zambiri amayamba kudziyeza mpando

Wa Chanco: Apa a Mjoni ali ndi mfundo. Umboni wake ndi akazi amene sanabereke. Sabina mkazi wa Hadrian analibe mwana koma ali ndi ndalama zolembedwa VENERI GENETRICI, Venus mayi wa mtundu wa Aroma. Crispina mkazi wa Commodus ali ndi za Juno Lucina ndi zina za DIS GENITALIBVS, milungu ya kubereka, chonsecho palibe mwana wake amene mbiri imamutchula. Nde zina zinali kulengeza zomwe zachitika, zina zinali pemphero chabe kapena kungotonthoza anthu

Aphunzitsi Opuma: Nonse mukunena zoona koma muike nkhaniyi pa nthawi yake. Kuyambira 96 mafumu anayi otsatizana sanasiye mwana wamwamuna wobereka okha. Nerva anatenga Trajan kukhala mwana wake, Trajan anasiyira Hadrian, Hadrian anatenga Antoninus, ndipo Antoninus amene ana ake aamuna awiri anali atamwalira kale anatenga Marcus ndi Lucius Verus. Mabuku ena amayamikira kuti ankasankha munthu woyenera m'malo mwa magazi, ine sindigwirizana nazo kwenikweni, ankasankha chifukwa analibe ana basi. Aroma ankakumbukira bwino chaka cha 69 pamene, Nero atafa mu 68 wopanda mwana, mafumu anayi anasinthana mpando m'chaka chimodzi, magazi okhaokha. Ndiye mtsikana uyu akubwera n'kuyamba kubereka chaka ndi chaka, kwa iwo chinali chinthu chachikulu zedi. Commodus anali woyamba kudzakhala Kaisara atabadwa bambo ake ali kale pampando. Katswiri wina wa ku Germany, Klaus Fittschen, analemba mu 1982 kuti kamangidwe ka tsitsi ka Faustina pa ndalama ndi pa ziboliboli kanasintha kasanu ndi kanayi ndipo iye ankaona kuti kusintha kulikonse kunkatsatira kubadwa kwa mwana. Anzake ena amatsutsa, koma zikuonetsa mmene uchembere wake unalili nkhani ya boma.

Naphiri_Leeds: Dikirani kaye bambo aphunzitsi ndasokonezeka. Marcus anatengedwa kukhala mwana wa Antoninus, kenako anakwatira mwana wa Antoninus yemweyo? Si mlongo wake ameneyo?

Aphunzitsi Opuma: Pamalamulo inde anali ngati mlongo wake. Pamagazi anali msuweni wake, chifukwa Faustina wamkulu anali mlongo wa bambo ake a Marcus. Mwana wa azakhali.

Mjoni: Aaa nde ndi chisuweni chathu chomwechi, ndipo Marcus anali mkamwini! Mudzi ndi wa kuchikazi, iye anangobwera kudzamanga nyumba kuseri kwa apongozi kkkkk

Wa Chanco: Kkkk osati ndendende man, Aroma ankatsata kuchimuna ndipo Marcus anasankhidwa mu 138 ukwati usanachitike. Komabe nkhani ilipo mu Historia Augusta, buku lomwe limasakaniza zoona ndi miseche, yoti anthu ankamuuza Marcus kuti mkazi wakoyu akuyenda ndi amuna ena musiye, iye n'kuyankha kuti ndikamusiya ndiye kuti ndibwezenso chuma chimene anabwera nacho, kutanthauza ufumuwo. Mphekesera zinafika poti Commodus ndi mwana wa munthu womenya nkhondo za m'bwalo la masewera. Ine ndimaona ngati anazipeka pambuyo pake anthu atatopa ndi Commodus, amafuna kumuyeretsa Marcus kuti mwana woipa chonchi sangakhale wake

Mzamba wa ku Dedza: Zachizolowezi. Mwana akakhala bwino ndi wa bambo, akalowerera ndi wa mayi. Munthu wokhala ndi pakati pafupifupi zaka zonse za ukwati wake nthawi ya zibwenzi ankayipeza kuti, tandiuzeni

Naphiri_Leeds: Kkkk amayi mwalasa. Funso lina, kobiriwiraku ndingakuchotse ndi chani? Ndimaganiza zoviika mu viniga kapena mandimu kuti chikasu chija chioneke

Wa Chanco: Asisi chonde ayi!! Musayerekeze. Kobiriwira kolimbako ndi khungu lomwe lapangika pa zaka 1,800 ndipo ndi limene likuteteza chitsulocho, mukalichotsa mutsala ndi chinthu cha maenjemaenje chopanda mtengo. Choopsa ndi chobiriwira chowala chomwe chimafumbutuka ngati ufa mukachikanda ndi chotokosera m'mano, chimenecho chimadya ndalama ndipo chimakula ndi chinyezi. Ngati palibe ingosungani pouma basi

Admin: Tikukumbutsane, zotsatsa malonda ndazichotsa, pano si pogulitsira. Pitirizani nkhaniyi ikukoma.

Achisale: Ine ndikufuna kudziwa ngati anthu wamba nawonso ankakakamizidwa kubereka kapena zinali za kunyumba yachifumu zokha.

Aphunzitsi Opuma: Boma linkalowerera ndithu a Chisale, makamaka kwa anthu apamwamba amene ankazemba ukwati. Augustus anakhazikitsa lamulo mu 18 BC ndi lina mu AD 9 lotchedwa Papia Poppaea. Mbeta ndi anthu opanda ana ankachepetsedwa pa zolandira chuma chamasiye, pomwe mayi wobadwa mfulu akabereka ana atatu ankamasuka ku ulamuliro wa mwamuna womuyang'anira pa nkhani za chuma, amene anali kapolo n'kumasulidwa ankafunika anayi. Choseketsa n'chakuti akuluakulu awiri amene lamulolo linatenga mayina awo, Papius ndi Poppaeus, onse anali osakwatira. Kwa osauka kunabwera alimenta nthawi ya Trajan. Boma linkakongoza ndalama eni minda ku Italy, chiwongoladzanja chake n'kumathandizira ana a m'tauni imeneyo. Ku Veleia kunapezeka chimbale chachikulu cha mkuwa cholembedwa zonse, chiwongoladzanja 5 peresenti, mnyamata ma sestertius 16 pamwezi, mtsikana 12. Trajan anaziikanso pa sestertius, ALIM ITAL, pali kamwana kayimirira pambali pa mayi wonyamula ngala za tirigu. Ndipo Faustina wamkulu atamwalira, Antoninus anakhazikitsa thumba lothandiza atsikana m'dzina lake, Puellae Faustinianae.

Mzamba wa ku Dedza: 16 ndi 12, ngati kuti mtsikana amadya pang'ono. Koma pa ndalama akufuna mzimayi yemweyo awaberekere asilikali

Wa Chanco: Ndipo pa Veleia pomwepo anyamata olembedwa anali oposa 250 pomwe atsikana sanafike 40. Za tirigu zija zandikumbutsa, kubereka kwa mayi ndi kubereka kwa nthaka Aroma ankaziphatikiza. Nero ali ndi sestertius yokongola kwambiri ya ANNONA AVGVSTI CERES, Ceres mulungu wamkazi wa zokolola wakhala pansi, Annona woimira chakudya cha mzinda wayimirira ndi nyanga ija, pakati pali muyeso wa tirigu, kumbuyo kukuoneka mbali ya sitima yapamadzi chifukwa chakudya cha mzinda wa Roma chinkachokera ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa, anthu pafupifupi 200,000 ankalandira tirigu waulere mwezi ndi mwezi

Achisale: Ife akale tikukumbuka 10 tambala ija, kutsogolo Kamuzu kuseri zisononkho za chimanga zomanga pamodzi, ndipo pa 20 tambala panali njovu ndi mwana wake. Sitinkaganizako n'komwe kuti pali uthenga, tinkangogulira zitumbuwa.

Mjoni: Ndi zomwe ndikukayika ine madala, kuti wogulitsa nsomba ku Roma ankakhala pansi kuwerenga FECVND chakuti chakuti? Ambiri sankadziwa n'kuwerenga komwe. Amangoona kukula ndi mtundu wa chitsulo n'kuponya m'thumba

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, malemba mwina ayi, koma mayi wonyamula ana safuna sukulu kuti umuzindikire. Ndipo a Chisale angokuonetsani kumene, akuti sankaganizako koma patha zaka zingati akukumbukabe chimanga ndi njovu? Chinthu chimene umachigwira tsiku lililonse chimalowa chokha. Ma sestertius amenewa anayenda zaka zambirimbiri mpaka kusalala, ena anali akadali m'manja mwa anthu m'zaka za m'ma 260 pamene ndalama yamtunduwu inkasiya kusulidwa.

Mjoni: Chabwino koma mapeto ake ndi ati? Mapemphero onsewo, Juno, Venus, mipando ya mapasa, chotuluka ndi Commodus amene anaphetsa mlongo wake Lucilla, n'kumadzitcha Hercules, mpaka anamupotokola khosi ku bafa pa 31 Disembala 192 kenako nkhondo yapachiweniweni yomwe ankaithawa ija inabwerabe. Bola akanangopitiriza zotenga ana a eni

Wa Chanco: Nanga Marcus akanatani naye mwana wamoyo wa zaka 18? Kumudumpha kunali kumupha, chifukwa aliyense wolowa pampando sakanamusiya ndi moyo. Lucilla yemweyo nayenso ali ndi ma sestertius ake a FECVNDITAS, anakwatiwa ndi Lucius Verus mu 164, mayi ndi mwana onse akubereka nthawi imodzi onse ali pa ndalama

Mzamba wa ku Dedza: Ine za Commodus ndilibe nazo. Chomwe ndikudabwa ndi kutumbiza kumeneku, ana kubadwa motsatizana chonchi. Ankayamwitsa yekha? Chifukwa mayi woyamwitsa mwakathithi thupi limamupatsa mpata ndithu asanatengenso pakati

Aphunzitsi Opuma: Mwagwira pamene pali nkhani amayi. M'mabanja olemera a ku Roma chizolowezi chinali chopereka khanda kwa mayi wina woyamwitsa, kapolo kapena wolembedwa ntchito. Soranus wa ku Efeso, sing'anga amene ankagwira ntchito ku Roma nthawi ya Trajan ndi Hadrian, analemba za uzamba ndipo anafotokoza mmene angasankhire woyamwitsa, wa zaka pakati pa 20 ndi 40, amene waberekapo kawiri kapena katatu, wosaledzera, wosapsa mtima msanga.

Mzamba wa ku Dedza: Basi nde yankho ndi limenelo. Amamulanda mwana kubere kuti abwerere msanga kukatenga pakati pena. Ndipo woyamwitsayo mwana wake ankayamwa kuti? Ameneyo pa ndalama palibepo

Wa Chanco: Palibepo amayi. Chithunzi cha mayi wachifumu atafungatira makanda pachifuwa chinadzatchuka mochedwa, pa tindalama ta mkuwa ta Fausta mkazi wa Constantine cha mu 324 mpaka 326, tolembedwa SPES REIPVBLICAE ndi SALVS REIPVBLICAE, tating'ono topepuka magalamu atatu okha chifukwa nthawi imeneyo ndalama inali itagwa kale mphamvu. Mu 326 momwemo Fausta anafa, mabuku akale amati anaphedwa molamulidwa ndi mwamuna wake, chaka chomwe Constantine anaphetsanso mwana wake wamkulu Crispus

Achisale: Constantine wake uti, yemwe uja anapatsa Akhristu ufulu wopembedza?

Wa Chanco: Yemweyo madala

Achisale: Hmm. Imeneyo ndiye muyitsegulire mutu wakewake, ndili ndi mafunso ambiri.